Kuyeza mankhwala obisika m'madzi ndi m'matope, kuchokera ku Likangala mpaka ku Chilwa

Madzi a mtsinje wa Likangala akamatsika m'phiri la Zomba amakhala oyera moti miyala imaoneka pansi. Akadutsa m'tauni, kumene ngalande za m'makomo, za kumsika, za kumagalaja ndi za kochapira magalimoto zimathirira, kenako n'kudutsa m'madimba ndi m'minda ya mpunga, amakafika ku Chilwa atasenza katundu wambiri. Wina amaoneka, wina amanunkha. Wovuta ndi uja wosaoneka ndi wosanunkha: mankhwala ophera tizilombo, zotsalira za oyilo ndi utsi, ndi mankhwala akale monga DDT. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amauma ndi dzuwa, koma zomwe anabwera nazo zimatsala pansi m'matope, mmene milamba imafukula chakudya.

Malangizowa ndi a ophunzira za sayansi, ogwira ntchito za madzi ndi zachilengedwe, ndi aliyense amene wapatsidwa mabotolo n'kuuzidwa kuti akatenge masampulo. Makina a m'labotale amangowerenga chimene mwawapatsa. Zotsatira zambiri zabodza zimalakwikira kumtsinje ndi pasinki yotsukira mabotolo, makina asanayatsidwe n'komwe, choncho tikhalitsa pamenepo.

Mukufuna chiyani kwenikweni?

Mafunso alipo awiri, ndipo botolo limodzi silingayankhe onse. Loyamba ndi lakuti m'madzimo muli zinthu zowola zochuluka bwanji, monga za m'zimbudzi, magazi a kophera ziweto ndi zinyalala za kumsika. Limeneli limayankhidwa ndi BOD ndi COD, njira ziwiri zoyezera okisijeni wofunika kuti zowolazo ziphwanyike: pa BOD zimaphwanyidwa ndi tizilombo ta m'madzi, pa COD ndi mankhwala a m'labotale. Lachiwiri ndi lakuti muli mankhwala akutiakuti kapena ayi, ndipo ochuluka bwanji. Limeneli limafuna kutchula mankhwalawo mayina musananyamuke, chifukwa aliyense ali ndi khalidwe lake.

Gulu la DDT, dieldrin, aldrin, lindane ndi endosulfan limadana ndi madzi, limakonda mafuta ndi matope. Ambiri a iwo analetsedwa kapena kuchepetsedwa ndi pangano la ku Stockholm la mu 2001, koma amakhala m'nthaka zaka makumi. Ma PAH, gulu la mankhwala ochokera ku oyilo wotha ntchito, utsi wa dizilo, matayala ootchedwa, makala ndi moto wolusa m'phiri, nawonso amamatira ku matope. Cypermethrin, amene alimi a tomato ndi kabichi amapopera m'madimba, amamatira ku chilichonse, ngakhale ku galasi la botolo lanu. Dimethoate ndi atrazine amasungunuka m'madzi, ndipo mukawafuna m'matope mudzapeza ochepa. Glyphosate ndi wosiyana ndi onsewa: satuluka ndi njira zomwe tifotokoze pano, amafuna botolo la pulasitiki ndi kayezedwe kakekake.

Njira yachidule yodziwira zoti mufune ndi kuyenda m'mashopu a zaulimi m'tauni ndi m'misika ya kumidzi, n'kulemba zomwe zili pamashelefu, kenako n'kufunsa alimi eniake. Mukaona mabotolo otha atatayidwa m'mphepete mwa dimba, werengani dzina la mankhwala lolembedwa pang'ono pansi pa dzina la malonda. Mndandanda wa mankhwala ololedwa m'dziko muno uli ndi a Pesticides Control Board ku Bvumbwe.

Mabotolo

Gwiritsani botolo la galasi lofiirira la lita 1, la chitsekero chokhala ndi Teflon mkati. Lofiirira chifukwa kuwala kumaphwanya ma PAH ndi mankhwala ena. Ngati muli ndi loyera lokha, likulungeni ndi foyilo. Ngati chitsekero chilibe Teflon, ikani foyilo yotsukidwa ndi hexane pakamwa pa botolo musanatseke. Botolo la pulasitiki, ngakhale la madzi ogula lija looneka laukhondo, limalakwa pawiri: limayamwa mankhwala omwe mukufuna, ndipo limatulutsa ma phthalate omwe pamakina amaoneka ngati mankhwala ophera tizilombo.

Kutsuka kwake n'kotere: sopo wa m'labotale ndi madzi otentha, kutsukuluza ndi madzi a pampopi kangapo, kutsukuluza katatu ndi madzi oyera a m'labotale (distilled water), acetone, kenako hexane. Ngati pali uvuni wotentha kwambiri, otchani mabotolo ndi zipangizo zina za galasi pa 400 °C kwa maola 4. Zoyezera za mizere, monga mapipeti ndi mafulasiki a muyeso, musaziotche, zimasintha kukula. Sopo wa ufa wochapira zovala asayandikire ntchito imeneyi. Fungo lake lokoma lija ndi mankhwala, ndipo lidzaonekera pa zotsatira.

Lembani mabotolo musanachoke, ndi pensulo papepala lomata. Inki ya maka imasuluka ndi acetone, ndipo iyonso ili ndi mankhwala.

Malo ndi nthawi

Malo amodzi sanena kanthu. Pafunika malo oyerekezera kumtunda, madzi asanakumane ndi anthu ambiri, monga Mulunguzi pamwamba pa damu kapena Likangala asanalowe m'tauni. Kenako pamwamba ndi pansi pa chilichonse chimene mukuchikayikira: ngalande ya kumagalaja, potulukira madzi a suweji, madimba, sikimu ya mpunga. Pansi pa ngalande musatunge pakamwa penipeni pokha. Tsikani mpaka pamene madzi a ngalande asakanikirana ndi a mtsinje, apo ayi mudzayeza ngalande n'kumati mwayeza mtsinje. Kunyanja, tengani pamathiriro a Likangala kapena Domasi, padoko la Kachulu pamene maboti a injini amaima, ndi pakati pa nyanja cha ku chilumba cha Chisi.

Nthawi ndiyo imapusitsa ambiri. Mvula yoyamba ya mu Novembala kapena Disembala imakokolola zonse zomwe zaunjikana m'misewu ndi m'minda chilimwe chonse, ndipo zimadutsa m'maola ochepa. Mukafika patatha masiku atatu, madzi adzakuuzani kuti zonse zili bwino. M'chilimwe mtsinje umaphwa, zoipa sizisungunuka mokwanira, ndipo ndi nthawi imene madimba akupoperedwa kwambiri. Choncho madzi atengeni kangapo pachaka: chilimwe, mvula yoyamba, pakati pa dzinja. Matope sasinthasintha chotero. Botolo la madzi limanena za ola limene mwatunga, pamene matope amasunga za miyezi ndi zaka.

Musanalowe m'madzi kumudzi, yambani mwaonekera kwa amfumu, ndipo padoko kwa a komiti ya asodzi. Anthu ovala magolovesi akuthira zinthu m'mabotolo pamtsinje amabutsa mphekesera msanga. Mukapeza amayi akuchapa, apatseni moni, afotokozereni, kenako n'kupempha kuti: "Amayi, tikwereko pang'ono kumtundaku, thovu la sopoli lingatisokonezere." Valani majombo ataliatali ndi magolovesi a nitrile, chifukwa likodzo m'madzi a kuchigwa cha Chilwa si nkhani yachilendo. Mafuta odzola, perefyumu ndi mankhwala othamangitsa udzudzu muwasiye kunyumba tsiku limenelo.

Kutunga madzi

Imani moyang'ana kumene madzi akuchokera, botolo likhale kutsogolo kwanu, kuti matope ovundulidwa ndi mapazi anu apite kumbuyo. Yambani ndi madzi, matope pambuyo, ndipo yendani kuchokera kumunsi kupita kumtunda. Mizani botolo chozondoka mpaka masentimita 20 kapena 30, kenako litembenuzeni lidzaze, kuti mafuta oyandama pamwamba asalowe. Pabwato, tungirani kutsogolo, kutali ndi injini, injiniyo itazimitsidwa.

Pali chizolowezi chotsukuluza botolo katatu ndi madzi a pamalopo. Pa BOD ndi COD n'chabwino. Pa mankhwala okonda kumatira, musatero: nthawi iliyonse imene mwatsukuluza, mankhwala amatsala pagalasi, ndipo zotsatira zimakwera.

Ngati mukuyeza madzi a pampopi, dziwani kuti ali ndi klorini amene amapitiriza kuphwanya mankhwala m'botolo. Ikani mamiligalamu 80 a sodium thiosulfate pa lita musanatunge. Madzi a Chilwa ndi amchere ndipo pH yake imakwera kupitirira 8, makamaka nyanja ikaphwa. Mankhwala monga dimethoate ndi cypermethrin amaphwanyika msanga m'madzi otere, choncho yezani pH pomwepo, ndipo ngati labotale yalola, itsitseni kufika cha pa 6 kapena 7 ndi madontho a asidi. Ngati mukufuna benzene ndi anzake a m'petulo, botolo lake ndi lina: kabotolo ka mamililita 40, kodzaza mpaka madzi atatumphuka pakamwa, kopanda kathovu ka mpweya ngakhale kamodzi. Katembenuzeni mugogode. Mukaona kathovu, tengani kena.

Zonse zilowe m'bokosi la ayezi nthawi yomweyo, pa 4 °C. Kumbuyo kwa galimoto pamsewu wa ku Kachulu mu Okutobala kumatentha, ndipo ayezi wochepa amasungunuka musanafike theka la ulendo. Ikani wambiri, kulungani mabotolo ndi makatoni kuti asagundane, ndipo bokosilo lisakhale pafupi ndi chigubu cha petulo.

Nyamulani botolo limodzi la madzi oyera a m'labotale. Pamalo amodzi litsekuleni, tsanulirani madziwo m'botolo lina la sampulo, tsekani, liyende ndi anzake. Limeneli ndi blank ya kumtsinje. Likapezeka ndi mankhwala, ndiye kuti kuipitsa kwachokera kwa inu, osati kumtsinje. Pa masampulo 10 aliwonse, tengani imodzi kawiri.

Matope

Apa ndi pamene luso limaonekera. Mankhwala samatira ku mchenga. Amamatira ku dothi losalala ndi ku zowolerana zakuda. Mukatapa mchenga wa pakati pa mtsinje, pamene anthu amakumba wa zomangira, mudzapeza zochepa kwambiri ngakhale mtsinjewo utaipa chotani. Funani pamene madzi amafatsa: mkati mwa khonde la mtsinje pokhota, kuseri kwa mwala waukulu, m'mabango, pamwamba pa damu lopatutsira madzi kusikimu. Tapani pang'ono mufikise pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Akamakhakhala ndi mchenga. Akamaterera ngati phala la ufa woyera n'kusiya chala chakuda, ndi amenewo.

Tengani masentimita 5 a pamwamba okha, ndi supuni kapena kafosholo ka chitsulo chosachita dzimbiri. Kwezani pang'onopang'ono, chifukwa kansalu kosalala ka pamwamba penipeni, kamene kali ndi zatsopano, kamathawa ndi madzi mukafulumira. Pamadzi akuya gwiritsani chotapira cha Ekman, chomwe chimagwira bwino m'matope ofewa ngati a Chilwa. Chikatuluka, tsanulani madzi a pamwamba mofatsa, ndipo musatenge matope okhudza zitsulo za m'mbali. Tapani malo 5 oyandikana, sakanizani m'beseni la chitsulo, chotsani miyala, nkhono ndi timitengo, kenako dzazani botolo la galasi la kukamwa kwakukulu la mamililita 250 kapena 500. Ngati mudzaliika mufiriza, siyani mpata pamwamba, apo ayi lidzasweka. Pakati pa malo ndi malo, tsukani zipangizo ndi madzi, kenako acetone, ndipo acetone wothayo mubwerere naye m'botolo lake.

Lembani mtundu wa matopewo ndi fungo lake. Akuda onunkha ngati dzira lowola ali ndi safa (sulfur) wambiri, ndipo wa m'labotale ayenera kudziwiratu zimenezo.

BOD ndi COD mwachidule

BOD siidikira. Yambani tsiku lomwelo, makamaka pasanathe maola 6, ndipo pakadutsa maola 48 sampuloyo yatha ntchito. Thirani sampulo yosungunulidwa m'botolo la mamililita 300, yezani okisijeni, tsekani popanda thovu, sungani mumdima pa 20 °C masiku 5, yezaninso. Kuno mpweya ndi wopepukirako chifukwa cha kukwera kwa malo, moti madzi pa 20 °C amasunga okisijeni wa mamiligalamu pafupifupi 8 pa lita. Ndiwo mpamba wanu wonse. Kuti chiwerengero chikhale chodalirika, okisijeni atsike ndi 2 kapena kuposa, ndipo patsale osachepera 1. N'chifukwa chake madzi a m'ngalande amafuna kusungunulidwa mosiyanasiyana, mwachitsanzo mamililita 5, 15 ndi 50 m'mabotolo atatu. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali, kutentha kwa m'kabati kumasintha, ndipo zimenezo zilembedwe pa lipoti.

COD ndi yopirira. Thirani sulfuric acid mpaka pH itsike pansi pa 2, ndipo sampulo ikhoza kudikira masiku 28 mufiriji. Imaphikidwa ndi dichromate pa 150 °C kwa maola 2. Chenjerani ndi madzi a Chilwa: mchere wake umakweza COD monama ngati mankhwala ophimba chloride wa mumcherewo sakukwanira.

Kutulutsa mankhwala m'madzi

Madzi asapitirire masiku 7 asanagwiridwe. Musanatsanule, lembani mzere pabotolo pamene madzi alekezera, kuti mudzayeze kuchuluka kwake kwenikweni pambuyo pake. Kenako thirani surrogate, mankhwala odziwika kuchuluka kwake omwe sapezeka kumtsinje. Pa gulu la DDT ambiri amagwiritsa TCMX ndi PCB 209. Amenewa amayenda ulendo wonse limodzi ndi sampulo, ndipo pamapeto amakuuzani zomwe zatayika m'njira.

Tsanulirani madzi m'fanelo yolekanitsira ya malita 2. Thirani mamililita 60 a dichloromethane m'botolo lopanda kanthulo, khutchumulani, kenako tsanulirani m'fanelo. Osadumpha pamenepa, chifukwa cypermethrin ndi DDT wambiri amakhala atamatira kugalasi. Khutchumulani fanelo mphindi 2, koma mukangoitembenuza koyamba tsekulani kampopi mpweya utuluke. Dichloromethane amawira pa 40 °C basi, ndipo masana a mu Okutobala amafufuma moti chitsekero chimatha kuuluka. Zonsezi zichitikire m'kabati yokoka mpweya. Dikirani mphindi 10. Dichloromethane ndi wolemera kuposa madzi, amakhala pansi. Mukagwiritsa hexane, amakhala pamwamba, ndipo ophunzira ambiri ataya gawo lolondola posokoneza ziwirizi. Bwerezani katatu, n'kuphatikiza zonse.

Madzi a thovu la sopo kapena a ndere amapanga chinthu choyera ngati chambiko pakati pa magawo awiriwo, chokana kulekana. Musachitaye, muli mankhwala. Thirani mchere wa m'labotale wootchedwa, zunguzani mofatsa, kapena chidutsitseni pa ubweya wa galasi, kapena chiikeni mu centrifuge.

Dutsitsani zomwe mwasonkhanitsa pa sodium sulfate wouma, wootchedwa pa 400 °C kwa maola 4, kuti madzi otsala achoke. Akaumbika ngati shuga wonyowa, onjezani wina mpaka azitsetsereka. Chepetsani pa rotary evaporator, chipangizo chouluza mankhwala osungunulira botolo likuzungulira m'madzi ofunda, madzi akewo asapitirire 40 °C, mpaka patsale mamililita 5. Onjezani hexane, chepetsaninso, kuti dichloromethane yense achoke, chifukwa makina a ECD, omwe adzawerenga sampuloyi pamapeto, samufuna. Malizani ndi kamphepo ka nitrogen mpaka mililita 1. Musaumitse mpaka gwa. Kungouma, naphthalene (wa gulu la PAH), lindane ndi ena opepuka amapita ndi mphepo, ndipo TCMX akatsika kwambiri PCB 209 ali bwinobwino, dziwani kuti cholakwa chili pamenepa.

Njira ina ndi ya timachubu ta SPE ta C18, tokhala ndi ufa wogwira mankhwala madzi akamadutsa, imene imadya mankhwala osungunulira ochepa. Kachubu kamatsukidwa ndi ethyl acetate, methanol, kenako madzi, mamililita 5 chilichonse, ndipo kasaume sampulo isanalowe. Madzi adutse mamililita 5 mpaka 10 pa mphindi. Vuto lake ndi madzi a dzinja ndi a Chilwa, omwe amatseka kachubu musanafike kota ya lita. Asefeni ndi sefa ya galasi ya GF/F, koma sefayo musataye. Mankhwala okonda kumatira ali pamenepo, ndipo iyezedwe ngati matope.

Kutulutsa mankhwala m'matope

Matope agwiridwe pasanathe masiku 14, kapena aikidwe mufiriza pa -20 °C. Musawayanike padzuwa ngati mphale, ndipo musawaumitse mu uvuni. Ayanikeni pa foyilo m'chipinda chopanda fumbi ndi utsi, kapena sakanizani onyowawo ndi sodium sulfate mpaka akhale ngati mchenga wouma. Chipinda chimene chinapoperedwa mankhwala a udzudzu kapena a chiswe si choyanikiramo. Perani mu mtondo wa m'labotale, sefani ndi sefa ya chitsulo ya mamilimita 2.

Padera, yezani magalamu 5 kapena 10, umitsani pa 105 °C usiku wonse, yezaninso, kuti mudziwe madzi omwe anali m'matopemo. Gawo limeneli ndi la sikelo basi, silibwerera ku sampulo. Mukaliotchanso pa 550 °C, kupepuka kwake kumakuuzani kuchuluka kwa zowolerana. Popanda nambala imeneyi simungayerekeze malo awiri mwachilungamo, chifukwa matope akuda a m'mabango amasunga mankhwala ambiri kuposa a mchenga ngakhale atamwa madzi amodzimodzi.

Njira yakale ya Soxhlet, chipangizo cha galasi chimene chimawiritsa mankhwala osungunulira n'kumawadontheza pa matope mobwerezabwereza, ndi yochedwa koma yodalirika. Magalamu 10 a matope ndi magalamu 10 a sodium sulfate, surrogate pamwamba, mamililita 300 a acetone ndi hexane theka ndi theka, kwa maola 16 mpaka 24, acetone ndi hexaneyo azizungulira maulendo 4 mpaka 6 pa ola. Adani ake ndi awiri. Magetsi akazima, werengani maola omwe yagwiradi ntchito, osati a pakhoma. Madzi a pampopi akasiya, chitani mantha: choziziritsira chikauma, hexane amatuluka ngati mpweya m'chipinda momwe muli chotenthetsera, ndipo moto wake suchedwa. Konzani ndowa ya madzi a ayezi ndi kapampu kozunguliza madzi, ndipo Soxhlet isagone yokha. Ngati muli ndi ultrasonic, makina ogwedeza sampulo ndi mafunde a phokoso, mukhoza kutulutsa katatu ndi mankhwala atsopano nthawi iliyonse, koma muyambe mwaonetsa kuti ikutulutsa mofanana ndi Soxhlet.

Chotuluka m'matope chimakhala chachikasu kapena chofiirira, ndipo kuchibaya m'makina chotero ndi kuwononga makinawo. Choyamba chotsani safa. Tengani kopa (mkuwa) wa ufa kapena wa timibulu, mutsukeni ndi hydrochloric acid wosungunula mpaka awale ngati waya watsopano, tsukuluzani ndi madzi, acetone ndi hexane, ponyani m'sampulo, khutchumulani. Kopayo amada bii. Onjezani wina mpaka wotsiriza akhale wowala. Mukasiya safa, pa ECD pamatuluka chiphiri chachikulu chophimba lindane, heptachlor ndi aldrin. Koma kopa amawononga mankhwala ena a gulu la organophosphate, gulu la dimethoate lija, choncho ngati mukuwafuna, patulani gawo lawo kopa asanalowe.

Kenako dutsitsani sampulo pa ufa woyeretsera: Florisil pa mankhwala ophera tizilombo, kapena silica gel pa ma PAH. Florisil aumitsidwe pa 130 °C usiku wonse, chifukwa chinyezi cha dzinja la Zomba chimamufooketsa. Pa kachubu ka galamu 1, mankhwala amatsika ndi mamililita 9 a hexane wosakaniza ndi acetone, magawo 9 kwa 1. Ena amakonda kutsuka ndi sulfuric acid wamphamvu poti amayeretsa msanga. Pa ma PCB, gulu lina la mankhwala olimba, n'zotheka, koma dieldrin ndi endrin amathera momwemo, ndipo lipoti lidzati kulibe.

Pamakina

GC-ECD, makina olekanitsa mankhwala powadutsitsa m'kapaipi kakatali kotentha kotchedwa column, imamva gulu la DDT ngakhale litachepetsetsa, koma siidziwa mayina. Imangoti chinthu chatuluka pa mphindi yakuti. Phthalate wochokera ku golovesi kapena ku chitsekero akhoza kutuluka pa mphindi yomweyo. Choncho chilichonse chopezeka chitsimikizidwe pa column yachiwiri ya mtundu wina, kapena pa GC-MS, makina ozindikira mankhwala ndi kulemera kwa tizidutswa tawo, pamene DDE (chotsalira cha DDT) amadziwika ndi 246 ndi 318, DDT ndi DDD (chotsalira chake china) ndi 235 ndi 237, ndipo benzo[a]pyrene (wa gulu la PAH) ndi 252.

Tsiku lililonse yambani ndi kubaya DDT ndi endrin okhaokha. Pobayira pakada, DDT amaphwanyikira m'makina momwemo n'kusanduka DDE ndi DDD, ndipo inu mudzalemba kuti ndi DDT wakalekale pamene waphwanyika mphindi yomweyo. Kuphwanyika kukapitirira 15 peresenti, sinthani liner (kachubu ka galasi ka pobayira), dulani kansonga ka column, yesaninso. Miyeso yoyerekezera, ya mankhwala odziwika kale kuchuluka kwake, ikhale isanu, kuyambira pansi penipeni, ndipo wapakati ubwerezedwe pakatha masampulo 10 aliwonse. Sampulo ikapitirira muyeso wapamwamba, isungunuleni, osangotalikitsa mzere. Magetsi akazima mwadzidzidzi, makina amafuna maola kuti akhazikike, ndipo column yotentha yopanda gasi woyenda mkati imapsa.

Ngati makinawo mulibe, si chifukwa chotumizira malita a madzi kutali. Tulutsani mankhwala konkuno, tsekerani m'timabotolo ta mamililita 2, lembani mzere pamene madzi alekezera, sungani mufiriza. Mukatero, timabotoloto tikhoza kudikira mpaka masiku 40. Kaya ndi labotale ya ku University of Malawi ku Chirunga, ya Malawi Bureau of Standards ku Blantyre kapena ya kunja, funsani musanapite kumtsinje: ali ndi miyeso yoyerekezera ya mankhwala ati, amafika pansi pati, ndipo akufuna sampulo itakonzedwa motani.

Kuwerengera ndi kulemba

Tinene kuti kabotolo ka mililita 1 kawerenga mananogalamu 25 a dieldrin pa mililita, ndipo madzi anali malita 0.95. Gawani 25 ndi 0.95, mupeza mananogalamu 26 pa lita, kapena kuti mamaikulogalamu 0.026 pa lita, olembedwa 0.026 µg/L. Malire a WHO a madzi akumwa pa aldrin ndi dieldrin pamodzi ndi 0.03 µg/L, choncho apa mwayandikira kwambiri. Pa DDT ndi zotsalira zake malire ndi 1, lindane 2, dimethoate 6, chlorpyrifos 30, benzo[a]pyrene 0.7, onse mu µg/L. Malire amenewa ndi a munthu wakumwa. Matemba ndi tizilombo ta m'madzi timavulala ndi cypermethrin kapena chlorpyrifos wochepa kwambiri kuposa pamenepo.

Pa matope, gawani ndi kulemera kouma. Magalamu 20 onyowa okhala ndi madzi 40 peresenti ndi magalamu 12 ouma. Ngati mamililita 2 awerenga mananogalamu 30 a DDE pa mililita, onse ndi 60, ndipo 60 kugawa ndi 12 ndi 5 µg/kg. Mukaiwala n'kugawa ndi 20 mupeza 3. Malangizo a ku Canada a matope a m'madzi opanda mchere amaika DDE pa 1.42 µg/kg ngati poyambira kukayikira, ndi 6.75 ngati pamene zamoyo zimavulala kawirikawiri, choncho kusiyana kwa 3 ndi 5 si kwamasewera. Yerekezaninso DDT ndi zotsalira zake: DDE ndi DDD akachuluka kuposa DDT, mankhwalawo ndi akale. DDE amapangika pamene pali mpweya, DDD m'matope akuda opanda mpweya. DDT mwiniwake akachuluka, alipo amene wamugwiritsa ntchito posachedwa.

Surrogate abwerere pakati pa 70 ndi 120 peresenti. Akabwerera 30, nambala zanu zonse za sampulo imeneyo n'zokayikitsa, ibwerezeni. Blank ikakhala ndi mankhwala, sampulo yokhala ndi ochepa oyandikira a mu blank isalembedwe ngati yapezeka nawo. Ndipo pa lipoti musalembe 0 kapena "mulibe". Lembani kuti ali pansi pa malire a kayezedwe kanu, ndi nambala yake, mwachitsanzo <0.005 µg/L. Malirewo mumawapeza pothira mankhwala ochepa m'masampulo oyera 7, kuwayendetsa njira yonse, n'kuchulukitsa standard deviation yake ndi 3.14. Labotale imene malire ake a dieldrin ndi 0.1 µg/L ikhoza kunena kuti sanapezeke m'madzi omwe apitirira malire a WHO katatu.

Zotsala za ntchitoyi zisalowe musinki, chifukwa mapaipi a m'tauni muno amatsikira ku Likangala komwe kuja. Dichloromethane akhale m'botolo lake, hexane ndi acetone m'lina, ndipo timachubu ta COD, tomwe tili ndi mercury, chromium ndi siliva, tisungidwe totseka m'katoni yakeyake. Botolo lililonse lilembedwe zomwe zili mkati ndi tsiku limene linayamba kudzazidwa, ndipo lisadzaze kupitirira paphewa, kuti mpweya ukafufuma ndi kutentha upeze pokhala.